Mazira Pamalo a Kanyumba

Chisanu cha chaka chimenecho chinachoka mozengereza. Mitengo ya maapozi m'chigwa chathu cha Huon itayamba kuonetsa maluwa, ine ndinali ndidakali ndi fosholo m'manja kuseri kwa nyumba, kulimbana ndi dothi lonyowa lomata ku nsapato.

Amuna anga, a Athol, anali m'chipatala ku Hobart kuyambira mwezi wa Juni. Sitiroko inawapha mwendo ndi mkono wa kumanja, lilime nalo linalemera. Nyumba yathu ili pachitunda, masitepe ake ndi ambiri, ndipo khomo la kubafa n'lopanikiza moti njinga ya olumala singadutse. Achipatala sanandibisire. Anati pakapanda malo oyenera kunyumba, a Athol apita kosungirako okalamba kumpoto kwa chilumba chathuchi, komwe kunali kutapezeka bedi. Anthu amene anapita kumeneko ndikuwadziwa angapo. Wobwerako sindinamuonepo.

N'chifukwa chake ndinaitanitsa kanyumba ka matabwa, kaja amakhomeratu zipupa kufakitale n'kudzangolumikiza pamalo. Chipinda chimodzi, bafa lalikulu, khomo lotambalala. Yanga inali ntchito yokonza pansi. Eni fakitale anati lole yawo idzafika Lolemba lomaliza la Okutobala, ndipo ikadzapeza posakonzeka, tidzaonananso Khirisimasi itapita.

Malo osatsetsereka pakhomo pathu ndi amodzi okha, pamene panali dimba la a Athol. Ndinazula mitengo yoyangira nyemba, ndinasamutsa mulu wa manyowa ndi wilibala, ndinadula zitsamba zaminga zimene zinalowerera kuchokera kumpanda. Manja anachita matuza, matuzawo n'kuphulika, n'kuchitanso ena. Mlongo wanga wamng'ono, Merv, ankabwera Loweruka ndi Lamulungu akaweruka kocheka matabwa kumene amagwira ntchito. Iye ndi amene anakhoma zikhomo, n'kumanga chingwe chosonyeza malire a kanyumbako. Tinathira timiyala, tinasalaza, tinatsindira. Tsiku limene tinamaliza ndinakhala pa ndowa yovundikira n'kumangoyang'ana. Panali posalala ngati tebulo.

Mvula inagwa kwa masiku angapo ndipo kuseriko sindinapiteko. Loweruka lotsatira, ndikuphika tiyi, ndinamva Merv akukuwa.

"Achemwali! Tabwerani mudzaone! Mwayamba kale kuchititsa lendi nyumba isanamangidwe?"

Nditatuluka ndinampeza atawerama, manja ali kumutu, mbalame ziwiri zikumuzungulira ndi mfuwu wogonthetsa m'khutu. Anali apulova, mbalame zija za miyendo italiitali ndi nkhope yachikasu, zokhala ndi kamunga pa phiko lililonse. Sizimanga chisa mumtengo. Zimafuna poyera, posalala, pamene zingaone mdani akadali kutali. Pakatikati pa timiyala tanga panali kadzenje kosazama, ndipo m'menemo munali mazira anayi amawangamawanga.

"Mudzi wonsewu, madambo onsewa," ndinatero, "zasankha pano."

"Zaona ntchito yabwino. Mesa munasalaza nokha?" Merv anaseka, kenako anandiyang'ana n'kusiya. "Nsapato yangayi ndi yaikulu, achemwali. Inu lowani m'nyumba mukaone tiyi wanu. Boma limaletsa, koma boma silibwera kuseri kuno."

"Tadikira kaye, iwe."

"Ndidikire chiyani? Amenewa kuti aswe ndi mwezi wathunthu. Lole siidikira mbalame."

Ankanena zoona. Komabe ndinamuuza kuti ayambe kukumba maenje a mizati ya m'mphepete, pakatipo asiye. Anapita kukhitchini, anatenga chigoba cha ayisikilimu n'kuchivala kumutu ngati chisoti, ndipo anakumba tsiku lonse akutukwana mbalamezo, makolo awo ndi azigogo awo omwe.

Mawa lake ndinapita kukawaona a Athol. Ndinawapeza pawindo, atafunda bulangete m'miyendo.

"Mwa... mwaonda, Glenys," anatero, mawu akutuluka limodzilimodzi.

"Inu ndiye mwanenepa ndi phala la boma."

Mbali imodzi ya pakamwa pawo inamwetulira. Sindinkafuna kuwauza za mazira aja, koma munthu amene mwagona naye chipinda chimodzi kuyambira pa utsikana sumubisira kanthu. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Musaswe," anatero. "Sunthani."

"Zikasunthidwa zimathawa, aliyense amadziwa zimenezo."

Anapukusa mutu. Zinawatengera nthawi kuti afotokoze, malovu akutsika, ine ndikuwapukuta. Anati m'munda wa maapozi ankachita zimenezo asanatchetche udzu. Umanyamula mazira pamodzi ndi dothi lake, n'kusuntha pang'ono chabe, kutalika kwa phazi la munthu. Mbalame ikabwera imadabwa, imazungulira, kenako imakhalapo. Mawa lake usunthanso. Ukatalikitsa kamodzi kokha, basi yataya.

"Pang'ono... pang'ono," anatero. "Mukhoza."

Ndinavomera ndi mutu. Koma m'galimoto pobwerera mtima unandiwawa. Dimba lawo ndafafaniza ndekha, msana wanga watha, ndipo munthu amene ndikumuvutikirayo wandisenzetsanso ntchito ina, yolera ana a mbalame. Ndinaimika galimoto pambali pa msewu pafupi ndi mtsinje, manja ali pachiwongolero.

Komabe m'mawa mwake ndinatuluka ndi ambulera kudzanja lina, fosholo kudzanja lina. Mbalame zinandilandira ndi ukali, imodzi inamenya ambulera mpaka kung'amba nsalu. Ndinalowetsa fosholo pansi pa kadzenje kaja, n'kukoka zonse pamodzi chakumpanda, n'kuthawira pamasitepe. Yaikazi inatera. Inayenda mozungulira pamalo akale, khosi litatalika, ikuyang'ana uku ndi uku. Kenako inawaona mazira ake, inayandikira monyinyirika ngati mlendo amene wapatsidwa mpando wa eni ake, n'kukhala.

Ndinaseka ndekha. Kanali koyamba kuseka chiyambire Juni.

Inasanduka ntchito ya m'mawa uliwonse, ndisanadyetse nkhuku. Kumbuyo kwa mazirawo kunkatsala kanjira ka timiyala tosokonekera, ndipo ndinkasalazanso. Merv ankati ndikadzamaliza adzandifunira ntchito kokwerera mabasi, yosamutsa anthu. Koma kenako kunabwera mphepo ya kumwera ndi matalala. Masiku amenewo sindinayerekeze kuidzutsa mbalameyo, poti mazira akanazizira ndisanafike n'komwe pamasitepe. Ndinkaiona pawindo itabisa mutu, madzi akuyenderera pamsana pake. Kunja kutayera, sabata inali itatha.

Lamulungu madzulo Merv anaima pachingwe n'kuyeza ndi maso.

"Mazirawa safika kumpanda, achemwali. Pamene alipo ndi pamene pabwere mzati wa kubafa."

"Ndikuona."

"Ndichite ine?"

"Ayi. Pita kwanu, akazi ako aiwala nkhope yako."

Lolemba ndinamva lole ikulira m'munsi mwa chitunda, ikusintha magiya pokwera. Ndinatuluka opanda ambulera. Fosholo sindinaifune. Ndinagwada n'kutola mazirawo ndi manja, awiri uku awiri uku. Anali ofunda, ofunda kuposa manja anga. Phiko linandiwomba pakhutu, kamunga kaja kanandikanda pachipumi. Ndinayenda nawo, kudumpha chingwe, kudutsa thanki ya madzi, mpaka kuseri kwa mpanda kumene kuli udzu waufupi. Ndinapalasa kadzenje ndi chidendene, n'kuwaika bwinobwino, nsonga zonse zitaloza pakati monga momwe mwini wake ankawaikira.

Anyamata a lole anali atatu. Wamkulu wawo anayenda pa timiyala paja, anaponda apa ndi apo, anaika levulo yake yoyezera kusalala kwa pansi.

"Wakonza pano ndani, mayi? Amadziwa ntchito."

"Tsitsani katundu, bambo," ndinatero. "Tiyi akubwera."

Mbalame zija zinakhala m'mawa wonse zikutera pakati pa miyendo ya anthu, pamalo pamene panali mazira aja. Matabwa a pansi atayalidwa, zinatera pamatabwapo. Kumpanda sizinapiteko. Ndinkaziona ndikamatulutsa makapu, ndinkazionanso ndikamawatolera. Dzuwa litapendeka zinauluka kulowera kudambo, ndipo pasanapite nthawi makhwangwala anatera pampanda. Ndinatseka katani ya kukhitchini n'kuimbira foni achipatala kuti zipupa zaima, denga aika mawa.

A Athol anabwera mkati mwa Novembala, magetsi ndi madzi atalumikizidwa. Merv anawakankha pa njinga yawo kuchokera pageti, akuwauza kuti alemera ngati ng'ombe yapachionetsero. M'kanyumbamo munkanunkhira paini watsopano. A Athol anayang'ana denga, bafa, windo loyang'ana kuchigwa kumene maluwa a maapozi anali atayoyoka kale. Anagwira khoma ndi dzanja lawo labwino n'kulisisita.

Merv atapita kukatenga masutikesi, anatembenuzira mutu kwa ine.

"Zija?"

"Sizinatheke. Masiku anandithera. Mazira ndinawanyamula ulendo umodzi, ndipo mbalame sizinawatsate."

Ndinkadikira kuti anene kuti ndikanayamba msanga, kapena kuti palibe kanthu. Sananene chilichonse mwa ziwirizo. Anayang'ana manja anga nthawi yaitali, kenako anayang'ananso kunja.

"Mukutentha muno," anatero. "Ndivuleni... jeketeli."

Ndinaima kumbuyo kwawo n'kuyamba ndi mkono wabwino, monga anandiphunzitsira anamwino, kenako pang'onopang'ono ndinasolola winawo.