Singano Yomaliza

A Saumu anamuchenjeza mdzukulu wawo Hashim pakhonde la sitolo ku Kasakula, atabwera kutchuthi kuchokera kusukulu ya chipembedzo ku Pakisitani.

"Munthu wothawa kwawo ndi mfuti, mpatse madzi, usampatse miyendo yako."

Iye anangoseka. Pakamwa pake panali anzake a Chiuzibeki okhaokha. Akuti boma la kwawo linkawamanga chifukwa cha ndevu ndi swala, mapemphero a Chisilamu, ndiye anawolokera ku Afuganisitani kukakonzekera nkhondo.

"Uzi chiyani?"

"Uzibeki, agogo."

"Ine ndikumva kuti uzibwera. Uzibwera kuno, wamva?"

Amene anabwera, mvula itayamba, anali mnzake wa kusukuluko. Anati Hashim anawatsatira anthu aja, ndipo ndege za Amereka zitaponya mabomba ku Kunduzi, ku Afuganisitaniko, anafera komweko, palibe anatola thupi.

A Hassani, bambo ake a malemuyo, anatseka chitseko asanayankhule.

"Amayi, wofunsa aliyense muzimuuza kuti anali malungo. Sadaka sitiphika."

"Mwana wapita wosasambitsidwa, wopanda nsanda, ndiye timumanenso mpunga wa maliro?"

"Mwini wakeyo ankakana za sadaka, ankati n'zopeka."

"Ankakana ali ndi mpweya. Wakufa sakana, iwe Hassani."

"Mukufuna anthu azititcha zigawenga? Ndani adzagule sopo kwa bambo wa chigawenga?" A Hassani anaimirira. "Mwana ndi wanga, amayi."

Anatuluka kukatsegula sitolo ngati tsiku lina lililonse.

A Saumu anatsala pamkeka. Pabwalo panalibe wolira, panalibe moto. Dzuwa litapendeka analowa a Rakele, mnzawo wotunga naye madzi, atanyamula nkhuni pang'ono.

"Pepani, anzanga. Akuti malungo eti?"

A Saumu anayang'ana kuchitseko. Makoma ali ndi makutu, ndipo iwo ndi amene ankachenjeza anthu zimenezo moyo wawo wonse.

"Si malungo. Anasenza nkhondo ya eni. Mawa mubwere ndi poto wanu wamkulu uja."

A Rakele atapita, a Saumu anaona kuti mpango wovala pasadaka wang'ambika m'mphepete. Anapisa dzanja kutsindwi n'kutsitsa kansalu kobayapo masingano. Maso awo anasiya kalekale kuona diso la singano, ndiye Hashim, tsiku lonyamuka, anakhala pansi n'kuwalowetsera ulusi m'masingano onse a m'paketi, uku basi ikuliza hutala. "Asanathe awa, ndabwera," anatero.

Inatsala imodzi.

Anaigwira, n'kutsetsereka ndi zala mpaka kumapeto kwa ulusi. Panali mfundo ziwiri, monga ankamangira iye, kuopa kuti agogo angavutike. Zala zimene zinamanga mfundozo zinali kwinakwake pansi pa dothi lozizira, kudziko limene a Saumu sankatha kulitchula.

Anabwezera singanoyo pakansalu, n'kuvala mpango wong'ambikawo.