Tsaya la Kumanja

"Bwezani chithunzicho, achimwene."

Telala analankhula motsitsa mawu kuopa kudzutsa mwana amene anali kumsana kwake. Achimwene ake analowetsa envulopu ija m'thumba la mkati la jekete yawo yakuda, n'kupitiriza kukulunga nthambo za magetsi ngati palibe amene walankhula.

Panali patadutsa masiku asanu chiikireni bambo awo m'manda. M'mawa umenewo anabwera atatu kudzalongedza katundu mu situdiyo momwe bambowo anajambuliramo anthu kwa zaka makumi atatu: Telala, achimwene ake ogwira ntchito kutali, ndi amayi awo, omwe anakhala pakona akupukuta mafelemu ndi kansalu.

Onse anali atagwirizana kale kuti Telala asoke nkhope ya bambo pa nsalu yaikulu yokapachika pabalaza. Ntchitoyo ankaidziwa. Sukulu anaisiyira panjira, koma zigamba zotsala akasoka madiresi a anthu sankataya. Ankazisanja patatu, zoyera, zotuwa ndi zakuda, n'kumazilumikiza mpaka patuluke nkhope ya munthu. Anaphunzirira m'chipinda chomwechi, pa zithunzi zimene eni ake sanabwere kudzatenga. "Usasoke mphuno," bambo ankatero. "Soka mthunzi wake, mphunoyo ibwera yokha."

Pamene panavuta panali pa chithunzi choti atengereko.

"Nachi," anatero achimwene, akutsitsa felemu pakhoma. Munali bambo ali mnyamata, tayi pakhosi, tsitsi lopesa bwino. "Usoke ichi. Awa ndiwo bambo athu."

"Amenewo ndi chibwenzi cha amayi. Ine sindinawaonepo."

Amayi anatsokomola pang'ono, maso ali pa felemu yawo.

"Usandiseweretse, iwe. Ukufuna alendo azilowa pabalaza n'kulandiridwa ndi pakamwa popotoka? Diso lakugwa? Anthu adzati ana awa alibe ulemu."

"Werengani zimene zalembedwa pa envulopupo."

"Munthu wodwala amalemba zambiri."

"Mawu atatu okha. *Telala, soka ichi.* Anawalemba ndi dzanja lamanzere, theka la ola, ine nditagwira pepala kuti lisaterereke."

Achimwene anatulutsa envulopu ija, n'kusolola chithunzicho. Bambo anali pa kampando kawo ka masiku onse, miyezi itatu asanamwalire. Sitiroko inali itagwetsa mbali yonse ya kumanja, ndipo mbali yomweyo ndi imene inkawala. Chinalipo chimodzi chokhacho. Filimu yake Telala anaifufuza m'madilowa onse osaipeza.

"Ndiching'amba pompano, nkhani ithe."

Zala zawo zinali zitagwira kale m'mphepete. Telala anangokonza nsalu ya mwana pachifuwa.

"Ng'ambani. Nkhope imeneyo ndaipukuta malovu miyezi isanu ndi inayi. Ndikhoza kuisoka nditatsinzina."

Ankanama. Nkhope ankaidziwa, koma mmene kuwala kunagwera pa tsayalo tsiku lija, ndi pamene mthunzi unathera pansi pa diso, zimenezo mutu wake sukanasunga.

"Otsala opanda kanthu ndinu," anapitiriza. "Tsiku lililonse pafoni, 'ndibwera kutha kwa mwezi.' Mwezi wanuwo sunathe mpaka pano."

"Ndinali ndi ntchito!"

Mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Telala anamugwedeza, osachotsa maso pa zala zija.

"Unabwera kamodzi."

Anali amayi. Anaika kansalu pa bondo.

"Loweruka lija, mlongo wako atapita ndi mwana ku chipatala. Unaima pakhomo la kuchipinda ine ndikuwamwetsa madzi bambo ako. Sunalowe. Unabwerera mozemba, ngati wakuba."

"Munandiona?"

"Ine ayi. Iwo. Pagalasi la wadiropu."

Mwana ankasisimabe.

"Sindinathe, amayi. Sanali iwo."

"Anali ndani nanga? Ine ndinkagona ndi mlendo?"

Telala anali asanaimvepo nkhani imeneyi, koma anawerengera masiku. Lolemba lotsatira Loweruka limenelo ndi pamene bambo anakana kudya mpaka atawabweretsa kuno pa njinga ya odwala.

"Ndiye chifukwa chake," anatero pang'onopang'ono. "Anandiuza ndi manja kuti nditsegule katani. Ndinawakhazika pa kampandoko, n'kuwatembenuza kuti mbali yabwino ione kuzenera. Anandimenya padzanja. Kenako anadzigwira okha kuchibwano ndi zala ziwiri, n'kutembenuzira tsaya lakugwalo kowala. Ine changa chinali kudina batani basi."

Achimwene anakanda ndevu zawo. Ndevuzo anayamba kuzisunga atangochoka pakhomo, ndipo m'banjamo aliyense ankadziwa chimene zinkaphimba.

Amayi anadzuka, bondo likulira, n'kubwera ndi felemu imene anakhala akuipukuta nthawi yonseyi. Munali kamwana ka zaka zisanu ndi chimodzi, maso otupa ndi kulira, chipsera cha madzi otentha chitatambalala kuchokera pakhutu mpaka pakamwa, chonse pambalambanda.

"Unawaluma chala bambo ako tsiku limeneli," anatero amayi, akuyang'ana achimwenewo. "Ine ndinawakalipira, ndinati mwanayu mukumuchititsa manyazi. Iwo anati, 'Ndikajambula mbali inayo, aziganiza kuti mbali iyi sindiikonda.' Chakhala pamwamba pa tebulo lawo zaka zonsezi. Cha ukwati wathu chinali m'kabati."

Achimwene anayang'ana zithunzi ziwirizo, china m'manja mwawo, china m'manja mwa amayi. Anakhala pa kampando kaja popeza ndi komwe kanali pafupi. Patapita nthawi anatambasula dzanja.

Telala analandira chithunzicho, n'kuona kakona kamene kanali katayamba kung'ambika, n'kukawongola ndi chala.

"Zigamba zakuda zandithera," anatero. "Jekete imeneyo muisiye."

Achimwene anaseka kamodzi, kuseka kosweka, n'kuyamba kuvula. Nkhope yawo inali itatembenukira kukhoma, monga ankachitira kulikonse kumene kuli kuwala.

Amayi anaika felemu pansi. Anakankha katani mpaka kumapeto, anabwera kutsogolo kwa mwana wawo wamwamunayo, n'kumuika zala ziwiri pansi pa chibwano. Pang'onopang'ono anamutembenuzira kuzenera. Iye sanakane.