A Kingsford Alowa Ntchito ya Njuchi

Amuna anga a Kingsford ndi munthu wabwino, koma akagwira chitini cha mankhwala opopera tizilombo, nzeru zimawathawa. Njuchi zinamanga mumtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba yathu ku Nancholi. Imodzi yokha inawaluma pakhutu, basi Loweruka lomwelo anazipopera zonse, n'kumayenda chifuwa patsogolo ngati apha mkango.

Chaka chimenecho n'kuti nditadzala nthanga zomaliza za maungu a malemu mayi anga, zimene ndinabwera nazo kuchokera ku Nsanje zitamangidwa pakansalu. Kumudziko madzi osefukira anakokolola mbewu yonse. Zina kunalibe.

Maunguwo anayanga bwinobwino, maluwa mbwee! Koma timaungu tikangofika ngati dzira, tinkachita chikasu n'kuthothoka. Mtima unandipweteka, ine.

A Gervazio, oyandikana nafe amene amagulitsa mbande ku Limbe, anasuzumira pampanda. "Mayi, dzungu silibereka popanda njuchi. Ndi zimene zimanyamula ufa wa duwa lalimuna kukasiya pa lalikazi. Njuchi zanu zija zili kuti?"

Ndinatembenuka n'kuwayang'ana a Kingsford. Iwo anayang'ana nsapato zawo.

"Antchito mwawachotsa ndinu," ndinatero, "ndiye ntchitoyo muigwiranso ndinu."

M'mawa uliwonse, asanakwere minibasi ya kuntchito ku Ginnery Corner, a Kingsford ankagwada m'maungumo atamanga tayi, nthenga ya nkhuku ili m'manja, kutapa ufa paduwa ili kukapaka pa ilo.

"Mayi a m'nyumba, ili ndi lalimuna kapena lalikazi?"

"Zaka zonsezi muli pabanja simudziwabe?"

Azimayi opita kotunga madzi nawo sankawasiya. "Mwadzuka bwanji a Njuchi? Uchi tilawa liti?" Kuofesi ankafika mphuno ili chikasu.

Milungu itatu yogwada, dzungu linagwira limodzi. Limodzi, anthuni! Ankalilondera ngati mwana wakhanda, ndipo tsiku lina kukugwa matalala anathamangira kukalifunditsa ambulera, eni ake akunyowa.

Litakhwima ndinalidula, n'kuyanika nthanga zake pakansalu ka mayi komwe kaja. Misozi inangotsika yokha. A Kingsford anatuluka mwakachetechete. Patapita nthawi ndinawapeza pansi pa mtengo wa mapeyala uja akukhomerera bokosi lamatabwa, pambali ataika mbale ya madzi a shuga.

"Njuchi zikabwera ine kulibe," anatero osandiyang'ana, "muziuze kuti ndapepesa. Mawondo anga atha."