Mbendera za Lorenso Telala

Lorenso anali telala wa pakhonde la sitolo ya Mmwenye ku Chiromo, ndipo kwa zaka zisanu ndi ziwiri palibe chinkamusowetsa mtendere kupatula udzudzu ndi ulusi woduka. M'mawa ankachoka kwawo ku Makhanga sizasi ili m'thumba, madzulo n'kubwerera kwa mkazi wake Dorika, amene ankawamba milamba n'kumagulitsa padoko. Anali munthu wofatsa, wosalawa kachasu, wosatchova juga. Anthu ankati Dorika anatola mwayi. Anafulumira kunena.

Tsiku lina kapitawo wa sitima ina ya pa Shire anabwera ndi mbendera ya Angerezi imene mphepo inang'amba, nati mzungu woyendetsa sitimayo akuifuna dzuwa lisanapendeke. Lorenso ankaiona mbenderayo tsiku ndi tsiku pamlongoti, koma chapatali, monga munthu aonera kabawi m'mwamba. Ataiyala pamphasa anapeza mitanda itatu yosanjikizana. Anayeza ndi zala, n'kuyezanso ndi chingwe, ndipo anaona kuti mizere yofiira yopingasa sinali pakati pa yoyera: mbali ina choyera chinali chotakata, mbali ina chopyapyala. Anamumvera chisoni telala wa ku Ulaya amene anasoka zimenezi, mwina ataledzera. Anaphwasula mizere yonse inayi, naikhazika pakati penipeni, naipereka monyadira.

Mzungu uja anafiira kuposa nsalu yakeyo. Anatukwana m'chilankhulo chake mpaka agalu a padoko anathawa, ndipo kapitawo anamasulira mwachidule kuti kupendamako n'kwadala, ndi mmene mbenderayo imakhalira.

"Kwadala?" anafunsa Lorenso.

Anaisokanso mopendama monga anamulamulira, koma nkhaniyo inakana kutuluka m'mutu mwake. Mtundu wathunthu wa anthu, okhala ndi mfuti ndi sitima zautsi, anakhala pansi n'kugwirizana kuti msoko ukhale wokhota! Ndiye kuti m'nsalu zimenezi munali nzeru imene iye, telala wodziwika kuyambira ku Mlolo mpaka ku Tengani, sankaidziwa.

Amene anathira mafuta pamoto anali mlamu wake Hilario, Msena wosonkhezera nkhuni m'sitima yopita kunyanja yamchere ku Chinde. Hilario anamuuza kuti kumeneko kumaima zombo za mbendera za nyenyezi, za mwezi, za ziwombankhanga za mitu iwiri. Anamuuzanso kuti Apwitikizi atathamangitsa mfumu yawo anataya mbendera yoyera ndi yabuluu n'kutenga yobiriwira ndi yofiira, ngati mkazi wosintha chilundu ukwati ukatha. Ulendo wotsatira anamubweretsera timapepala ta m'mapaketi a fodya wa azungu, tojambulidwa mbendera za maiko. Lorenso anatisunga m'chitini cha tiyi, ndipo zidutswa za nsalu zimene kale ankasesera kudzala anayamba kuzisokera timbendera tonga chikhatho.

Poyamba anthu ankabwera kudzaona, n'kumaseka. Koma posakhalitsa anazindikira kuti ukamupatsa moni Lorenso, tsiku lako latha. Wobwera ndi kabudula wong'ambika ankachoka atamva chifukwa chake chikasu sichiyenera kugundana ndi choyera. Asodzi akamuona akutsikira kudoko ankakankha miadiya, mabwato awo amtengo, n'kukaima pakati pa madzi, kulolera kuyang'anizana ndi mvuu. Lorenso anadandaula kwa aliyense kuti pa chizindikiro cha boma anaikapo mtengo wa khofi, chikhalirecho kuchigwa kuno khofi samera; bwenzi ataikapo thonje, kapena ng'ona, imene imalamuliradi mtsinjewu. Mesenjala wina wa boma, Augustino, anabwera kuti amusokere batani limodzi, nakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka masana, malaya ake ali m'manja mwa Lorenso, akumvetsera za mitanda ya maiko ozizira. Anachoka osatsanzika.

Kunyumba nako zinthu zinayamba kusowa ngodya. Lamulungu lina Dorika anatambasula chilundu chake chopitira kutchalitchi napeza kuti chadulidwa mbali ina mwaukatswiri, n'kupindidwa bwino kuti asazindikire.

"Bambo a Jesinta, nsalu yanga yapita dziko liti?"

Lorenso anayankha mosachita manyazi kuti yapita kwa Ataliyana, poti kubiriwira kwake kunali kwenikweni kumene ankakusowa. Dorika anati amuna a anzake amamwa mowa, koma mowa umatha m'mutu kukacha.

Pa zonse, imene Lorenso ankaikonda inali ya mizere itatu yogona: wakuda, woyera, wofiira. Ankati ameneyo ndiye anali telala woganiza, misoko iwiri basi, popanda nsalu yotayika. Anaisoka yaikulu ngati mphasa. Kuti inali ya Ajeremani ankadziwa, koma kwa iye zimenezo zinali ngati kudziwa dzina la mwini ng'ombe pamene iwe ukuyamikira nyanga. Ngakhale nkhondo ya azungu itabuka, anthu n'kuyamba kunong'ona akamatchula Ajeremani, iye sanaone kuti nkhaniyo ikukhudza bokosi lake.

Dzinja limenelo Ruo ndi Shire anasefukira pamodzi, madzi n'kulowa m'nyumba za ku Makhanga mpaka m'mawondo. Dorika anapulumutsa mapira ndi ana. Lorenso anapulumutsa bokosi. Madzi ataphwa anamanga chingwe kuchokera pa mtengo wa mgwalangwa kufika pankhokwe, nayanika maiko onse, ndipo yaikulu ija, poti inali yolemera, anaikweza pansungwi yaitali kuti igwire mphepo. Inagwiradi. Inaonekera mpaka kunjanji.

Patapita masiku awiri anafika asilikali anayi, patsogolo pawo Augustino mesenjala uja, nkhope ili ngwee ngati wapita kukatenga mkwatibwi.

Kuboma anamuimika pakhonde pamaso pa mzungu woweruza milandu, mnyamata wa ndevu zosakhwima amene malungo anamusandutsa wachikasu. Mbendera zonse zinali mulu patebulo. Kudzera mwa womasulira, mzunguyo anafunsa kuti anamutuma ndani, ankapereka chizindikiro kwa yani, ndipo Ajeremani anamulonjeza chiyani. Lorenso, amene kwa miyezi yambiri sanapeze munthu womufunsa za mbendera mwa kufuna kwake, anaona ngati kumwamba kwatseguka. Anafotokoza za misoko iwiri. Anafotokoza kuti chakuda chimasuluka msanga padzuwa la kuno. Anatola ya Apwitikizi naonetsa kuti chobiriwira anachimana malo. Womasulira anatuluka thukuta, ndipo mzungu anatsamira pampando, poona kuti amene amubweretsera si kazitape koma chitsiru chabe. Anali atatambasula kale dzanja kuti amuthamangitse.

Apo m'pamene Lorenso anaponya maso pabwalo, pamlongoti wopakidwa laimu, nayamba kusuntha milomo ngati akuwerenga.

"Muwauze bwana kuti yawo ija yazondoka," anatero mwaulemu. "Choyera chotakata chimayenera kukhala pamwamba, mbali ya kumtengo."

Womasulira anamupempha m'Chisena kuti atseke pakamwa, koma mzungu anafuna kudziwa chanenedwa. Atamva, anatsika pakhonde, naima padzuwa wopanda chipewa, akuyang'ana m'mwamba nthawi yaitali. Asilikali onse, amene m'mawa uliwonse ankaimenyera sawasha mbenderayo, anayang'ana naye. Wina anatsokomola. Sajeni anavomera motsitsa mawu kuti chiikireni chingwe chatsopano mvula isanayambe, amaikweza choncho.

Mlandu wa mbendera ya Ajeremani unathera pomwepo, poti unalibe mutu. Koma kunena zoona pamaso pa asilikali unali mlandu wina, ndipo umenewu sufuna mboni. Mzungu anati boma likusowa amtengatenga kunkhondo, ndipo popeza munthuyu amakonda mbendera, apite akaitsate. Timbendera tonse anatitentha kuseri kwa ofesi, kupatula ka Angerezi, kamene palibe analimba mtima kukaponya pamoto.

Lorenso anaitsatadi, koma sanaione. Mbendera inkayenda kutsogolo ndi azungu. Iye anali kumbuyo kwenikweni, bokosi la zipolopolo lili pamutu, akuona msana wa mnzake ndi matope. Anadwala kamwazi, anakwirira anzake m'mbali mwa njira m'maiko amene sankadziwa ngakhale maina ake, ndipo anabwerera ku Makhanga chaka chitatha, nthiti zikuwerengeka, phazi lina lopanda zala ziwiri.

Dorika analira, namuphikira phala la mapira, nauza anansi kuti tsopano mwamuna wake wachira zonse ziwiri, kamwazi ndi misala ya mbendera. Anthu anasonkhana pabwalo kudzamva za nkhondo. Hilario anafunsa ngati anawaona Ajeremani ndi maso. Lorenso anati anawaona kamodzi, gulu laling'ono limene linatuluka m'tchire litatopa ndi njala, kudzadzipereka. Anthu anasendera pafupi. Anafunsa za mfuti zawo, za nkhope zawo, ngati n'zoona kuti amadya anthu. Iye anati zimenezo sanaziyang'ane. Chimene anaona n'chakuti wotsogola ananyamula ndodo, ndipo pandodopo panali nsalu yoyera, ndipo nsaluyo itangooneka mfuti zonse zinakhala chete, chinthu chimene mitanda ndi ziwombankhanga zinalephera kuchita chaka chonse.

Mkulu wina wa mpingo anagwedeza mutu, nati pamenepo pali phunziro lalikulu.

"Phunziro lake n'lochititsa manyazi," anatero Lorenso. "Ndinapempha kuigwira. Inali nsalu ya patebulo, yothimbirira ndi msuzi, yong'amba ndi mano. Munthu ukudziwa kuti anthu mazana akuyang'ana, ungalephere kupinda m'mphepete?"

Anapempha kuti wina amupatse kamtengo ajambule pansi mmene akanaisokera iye. Pamene ankamaliza mzere wachiwiri, Hilario anali atakumbukira kuti sitima yake ikunyamuka, mkulu wa mpingo anali ndi wodwala wokamuona, ndipo Dorika analowa m'nyumba kukabisa zilundu zake kudenga.