Diso Lalitali ndi Mpango Wofiira

Mdzukulu wanga wamkazi, amene ndimamutcha Kamphepo poti chiyambire kukwawa sanakhalepo malo amodzi, amadyera kamera. Loweruka amajambula maukwati, Lamulungu amapita kubwalo la mpikisano wa galimoto. Za maukwatizo ndilibe nazo mawu ambiri. Ndimangomuuza kuti asamayende cham'mbuyo nkhope ili pakamera, tsiku lina adzakhalira keke ya eni ake. Koma za galimotozo zinkandisowetsa mtendere.

Tsiku lina ndikumupesa tsitsi pakhonde, ndinapeza tinthu takuda tatikakamira m'mutu. Ndinayesa nsabwe.

"Ndi timphira ta matayala, Agogo," anatero Kamphepo. "Galimoto ikamakhota timathetheka."

"Nanga iwe umaima pati kuti timphira ta tayala tifike m'mutu mwako?"

Anayamba waseka, kenako n'kuulula. Ankaima kuseri kwa matayala akale amene amawaunjika m'mphepete mwa msewu, pafupi penipeni. Diso la kamera yake, limene iwo amati lenzi, linali lalifupi. Akaima patali, galimoto inkatuluka pachithunzi ngati nyerere, ndipo palibe woyendetsa angagule chithunzi cha nyerere.

"Lero ndi kamphira, mawa ndi tayala lonse," ndinamuuza. "Amayi ako ndidzawauza chiyani ine?"

"Ndasunga kangachepe, Agogo. Ndikufuna ndikagule diso lina, lakale koma labwino."

Ndinati tipitira limodzi. Mwana yekha pa sitolo amagula zimene zamukomera m'maso.

Sitoloyo ndi kachipinda kamene kali kuseri kwa okonza mafoni. Muli kabati yagalasi, ndipo m'kati mwake mumayaka kababu usana wonse kuti chinyezi chisalowe m'maso a makamerawo. Mwini wake anthu amawatcha a Tsinzina, chifukwa diso lawo lamanzere linazolowera kutseka pojambula, moti ngakhale akupatsa moni limakhala lotsinzina. Ndinawayang'anitsitsa. Munthu wokuyang'ana ndi diso limodzi umayenera kumuyang'ana ndi onse awiri.

Anatulutsa maso awiri n'kuwaika pansalu. Lina linali lalifupi, lonenepa ngati kapu. Lina lalitali ngati mkono wa mwana, lokandikakandika m'mbali.

"Mwana wanga, thumba lako likufika pa limodzi mwa awiriwa," anatero a Tsinzina. "Lalifupili limamwa kuwala. M'holo ya mdima limaona ngati mphaka, ndipo silichedwa kugwira nkhope. Lalitalili limakoka zakutali, koma ndi nkhalamba inzanga. Limafuna dzuwa, ndipo lisanagwire chinthu limayamba lafufuza kaye."

"Nanga lalitali lachangu mulibe?" anafunsa Kamphepo.

"Lilipo, kwa anthu amene akhoza kugula galimoto ya mpikisanoyo."

Apa ndi pamene ndinaona kuti kamwana kamene ndinkakapukuta mamina kanakula. Sanafulumire. Anatenga diso lalitali, nalitsegula uku ndi uku, nawalitsa tochi ya foni m'kati mwake, akuliyang'ana chopendeka. Anati akufuna aone ngati mulibe nkhungu, imene imamera pagalasi ngati ulusi wa kangaude. Analinunkhiza. Analigwedeza pafupi ndi khutu kuti amve ngati muli chosokonekera. Anapotoza mkombero wake pang'onopang'ono maso atatseka, zala zokha zikumvetsera. Manambala olembedwa pamenepo ine sindiwadziwa, kusukulu sindinapondeko, koma manja odziwa ntchito ndimawazindikira.

"Galasi lake ndi loyera," anatero. Koma dzanja lake linabwerera pa lalifupi lija. "Maukwati ndiwo amatidyetsa, Agogo."

"Bambo," ndinafunsa a Tsinzina, "ndi liti limene munthu amaima nalo patali?"

"Ili, Agogo. Mukhoza kuima kwanu n'kujambula apongozi ali kwawo."

"Ndiye n'lomwelo."

Kamphepo anandiyang'ana ngati ndamuponda chala. A Tsinzina ndiwo anatilanditsa. Anati atenge lalitali akaliyese paukwati wa Loweruka ndi pampikisano wa Lamulungu. Likakanika alibweze Lolemba, atenge lalifupi.

"Mwamva, Agogo?" anatero Kamphepo tikutuluka. "Zithunzi zikatuluka mbuu, ndikubwerera kumatayala kuja, ndipo inu simudzanenanso kanthu."

"Kunena ndidzanena ndithu," ndinamuyankha. Koma mumtima ndinadziwa kuti mawu anga sadzamuchotsako.

Loweruka ndinamuperekeza kuukwati, ati kukamugwirira chikwama. Holo inali yamdima, makatani olemera, mababu ofooka. Kamphepo atakweza kamera, diso lija linayamba kulira, vuu uku, vuu uko, ngati munthu wofunafuna masilipasi pansi pa bedi. Koma iye sanadandaule. Anapempha akonzi a holo kuti atsegule makatani a mbali imodzi, kenako anayang'ana pakhomo pamene dzuwa linkagwera pansi.

"Agogo, kaimeni pakhomo paja, pamene pathera kapeti."

"Ndikatani pakhomo pa eni ake?"

"Mukhale mkwatibwi pang'ono."

"Usandiseke iwe. Agogo ako aamuna akanamva akanadzuka m'manda."

Ndinakaima. Iye anapita kumapeto kwa holo, nathimitsa kainjini ka m'disomo kamene kankalira vuu pofufuza, n'kumapotoza mkombero ndi dzanja mpaka mpango wanga wofiira utaoneka bwino. Atatero sanaukhudzenso. Mkwatibwi atafika n'kuponda pamene ndinaponda ine, kamera inangoti tcha, tcha. Anandionetsa pakagalasi ka kumbuyo kwa kamera. Mwana wa eni ake anali ataima m'dzuwa, kamsozi kali pachikope, anthu onse kumbuyo kwake atasungunuka ngati utsi. Ndipo Kamphepo sanatchinge munthu aliyense, sanapondenso diresi la mwini. Za kuvina m'kati mwa mdima anajambula ndi diso lalifupi limene anali nalo kale lija.

"Lajambula bwino," ndinatero.

"Mkwatibwi amayenda pang'onopang'ono, Agogo. Za mawa ndi zina."

M'mawa mwake tinalawirira kubwalo la mpikisano. Galimoto zinali zisanatuluke, zinkangobangula kuseri kwa geti m'mashedi mwawo. Fungo la petulo linali ponseponse, ndipo ndinauza mnyamata wina wamkulu ndithu kuti azimitse fodya wake. Kamphepo anandikweza pachitunda cha udzu, kuseri kwa mpanda wa waya, kutali ndi msewu. Pansi pathu msewu unkakhota ngati chigongono, ndipo matayala akale aja anali pomwepo, opakidwa penti yoyera. Anali pafupi kwenikweni ndi phula.

Anaimika kamera pandodo yake ya mwendo umodzi n'kuloza pokhotapo. Diso linalira vuu, vuu. Analithimitsa n'kuyesa ndi dzanja. Anapotoza, nabweza, napotozanso.

"Phula lonse n'lotuwa chimodzimodzi," anatero. "Palibe choti ndigwirepo. Ndipo ine sindikufuna phula, ndikufuna pamene padzadutse mutu wa woyendetsa. Ndikaphonya pang'ono, nkhope yonse mbuu."

Anatsitsa kamera. Maso ake anapita kumatayala kuja. Mayang'anidwe amenewo ndimawadziwa, ndi omwe ankayang'ana nawo mtengo asanaukwere.

Pakamwa panga panalankhula ndisanaganize. "Dzulo ndinaima pakhomo. Lero ndikaime pati?"

"Agogo, inu? Inu amene mumadikira msewu wa kwathu uyere mbali zonse musanawoloke?"

"Ndakufunsa kuti ndikaime pati."

Tinatsikira kwa bambo wina wovala jekete lowala, amene amakupiza mbendera pokhotapo. Kamphepo anamufotokozera. Bamboyo anati msewu sunatsegulidwe, anthu akuloledwa kuyendamo, geti la galimoto n'lokhoma.

"Wakhoma ndani?" ndinamufunsa.

"Ine ndemwe, Agogo."

"Kiyi ali kuti?"

Anasisita thumba la jekete.

"Bweretsani kuno. Thumba limabooka."

Anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma anandipatsa. Anandipatsanso kampando kake kopinda, poti Kamphepo anati woyendetsa amakhala pansi kwambiri, ndikaimirira mutu wanga ukhala pamwamba. Mdzukulu wangayo anayenda pokhotapo atawerama, akuwerenga mikwingwirima yakuda imene matayala anasiya. Pamene inadetsetsa kwambiri ndi pamene anaika mpando.

"Onse amadutsa apa," anatero. "Musasunthe, musatembenuke."

Anathamangira kuchitunda, ine n'kutsala ndekha pakati pa msewu wa mpikisano, nditakhala pampando ngati ndikudikira dokotala. Phula linkanunkha mphira wopserera. Kuseri kwa geti injini zinkangobangula. Kiyi ndinamufumbata mpaka anandidinda m'dzanja. Kutali uko ndinkangoona kadontho ka malaya a Kamphepo ndi dzanja likundikodola kuti ndisendere pang'ono kumanja. Ndinasendera. Ndinapemphera maso ali otsegula. Kenako dzanja lija linakwera m'mwamba.

Nditabweza kiyi ndi mpando n'kubwerera pachitunda ndinamupeza akumata mkombero wa diso ndi tepi yakuda kuti usasunthe. Anandipsompsona pachipumi.

"Osandinyambita, yang'ana ntchito," ndinamuuza.

Mpikisano utayamba, phokoso silinkalowera m'makutu, linkalowera pachifuwa. Ine galimoto sindinaziyang'ane kwenikweni. Ndinkayang'ana Kamphepo, ndi anthu oyandikira ndodo yake. Bambo wina wa chipewa chachikulu anatambasula dzanja kuti agwire diso aone kulemera kwake, ndinamumenya kadzanjako ndi kachikwama kanga.

Koma mwanayo, abale. Anzake kumatayala kuja makamera awo ankangolira ngati makina osokera. Iye anaima phazi uku phazi uku, zigongono atazipanikiza m'nthiti. Galimoto ikamatulukira ankaitsatira ndi chiuno chokha, mofewa ngati akutsegula chitseko cha chipinda chogona khanda, ndipo ikafika pamene panali mpando wanga, chala chinkatsika kamodzi. Zoyamba anaphonya. China anagwira mchira wokha wa galimoto, china phula lopanda kanthu. Sanatukwane, sanakhudze tepi, sanayang'anenso kumatayala. Ankangopuma, n'kudikira ina. Kamphepo amene sankatha kudikira kuti madzi osamba afunde, lero akudikira galimoto ngati mlimi wodikira mvula.

Pakati pa mpikisano analeka kujambula n'kuyang'anitsitsa kagalasi kaja. Kenako anatchinga dzuwa ndi dzanja n'kundiitana.

Galimoto yachikasu inali itapendekeka pokhota. Kumbuyo kwake udzu, mpanda ndi matayala zonse zinali mizeremizere ngati zakokedwa ndi tsache. Koma chipewa cholimba cha woyendetsa chinali chowala mbee, pamalo penipeni pamene panali mpango wanga. Kamphepo anakulitsa chithunzicho ndi zala. Kuseri kwa galasi la chipewacho kunali maso awiri, otong'oka, osaphethira.

"Uyu akuopa," ndinatero. "Maso awa ndi anga omwe."

"Agula chimenechi, Agogo. Agula ndithu."

"Umuuze achepetse liwiro pokhota. Nayenso ali ndi agogo ake."

Lolemba tinapita kwa a Tsinzina titangonyamula ndalama ndi chithunzi chija, diso litatsala kunyumba. Ataona chithunzicho, diso lawo lamanzere lija linatseguka, koyamba chiwaonereni.

Madzulo ake ndinamupesanso tsitsi pakhonde. Ndinafufuza mutu wonse, mzere ndi mzere. Ndinapeza fumbi ndi timbewu ta udzu wa pachitunda paja, basi. Ndinamuchenjeza kuti diso limenelo ndi lolemera, asamalipachike m'khosi, adzapindika msana asanakwatiwe. Ndinamuuzanso kuti pachitunda pamakhala njoka.

"Ndamva, Agogo," anatero. "Koma mpango wofiira uja muuchape. Lamulungu likudzali ndikukufunani pokhota pa kumtunda paja."

Ndinamukoka tsitsi pang'ono kuti adziwe kuti sindinakondwe.

"Ukamuuze wa mbendera uja," ndinatero, "kuti kiyi ndisunga ndine."