Udzu wa Resi

Lamulungu loyamba la Adiventi, Misa itatha, Quirin Haslbeck anaima pa thebulo la mabuku m'holo ya parishi kufunafuna chinthu chimene kulibe: buku la zithunzi la Khirisimasi lopanda khanda. Anali kalipentala wa zimanja zikuluzikulu, koma timabukuto ankatitsegula ngati tisweka. Ili, khanda. Ilo, khanda. Lina mpaka pachikuto pomwe, litatambasula timanja.

"Mwandisokonezera mabuku onse, bambo a Resi," anatero Mayi Kreszenz, ogulitsa mabukuwo. "Mukufuna lotani?"

"Lopanda mwana."

"Khirisimasi yopanda mwana? Ndiye bwanji osangomugulira la mathirakitala..."

Mudzi wonse unkadziwa kuti mwezi wathawo Marlene, mkazi wa Quirin, anabwerako kuchipatala chimanjamanja. Khanda, lachimuna, linabadwa litafa kale. Chimene mudzi sunkadziwa n'chakuti Resi, mwana wawo wamkazi wa zaka zinayi, anali asanauzidwe. Quirin anangomuuza kuti, "Mlongo wako sanakonzeke kubwera." Mawuwo anamupulumuka ali pakhomo, pothawa misozi, ndipo kuwabweza kunamukanika.

Mayi Kreszenz anasolola lina pansi pa mulu. "Ili ndi la bulu wa Yosefe. Ulendo wokhawokha. Khanda lili patsamba lomaliza basi, mukhoza kulekezera panjira."

Quirin analitenga osayang'ana kumapeto, kumene amaikako zochita za ana. Amene anazipeza ndi Resi. Kuwerenga sankatha, koma chithunzi chinkanena chokha: chodyeramo ziweto chopanda kanthu, pambali kamtolo ka udzu wouma. Ndi mwambo womwe uja Quirin anakula nawo. Mwana akachita chabwino amaikamo kaudzu kamodzi, kuti khanda likafika pa Khirisimasi lipeze pogona pofewa.

"Ababa, mundikhomere chonchi. Koma chachikulu, osati cha zidole ayi."

Bambo wogalamuka akanamva pomwepo. Koma Quirin masiku amenewo anali munthu woyenda ali m'tulo, ndipo anangosangalala kuti manja ake apeza chochita. Anachikhoma chachikuludi, nachipala bwinobwino, nachiika pafupi ndi ng'anjo.

Resi anasanduka mwana wina. Uja ankataya nsapato paliponse, tsopano ankazindandalika pakhomo. Kabichi wowawasa ankamumeza maso atatsinzina. Ankanyamula tiyi pang'onopang'ono mpaka kuchipinda kumene amayi ake ankagona makatani otseka. Akatero ankathamanga. "Ababa, chimenechi ndi cha udzu?" Quirin akavomera, kaudzu kankalowa. Mpaka anakadzitama kwa Mayi Kreszenz kuti buku lawo lachita zodabwitsa. Zomvetsa chisoni, bambo kunyadira mwana amene akudzipha ndi ntchito pamaso pake.

Pa 24 Disembala masana, Quirin ndi Resi atabwerako ku Misa ya ana, udzu unali utasefukira. Marlene anadzuka kwa nthawi yoyamba, atavala juzi ya mwamuna wake, nakhala pampando kuonerera makandulo akuyatsidwa pamtengo. Quirin anawerenga tsamba lomaliza lija mothamanga. Kenako anatulutsa m'bokosi kakhanda kosema, kofanana ndi chala chake, nakagoneka pamwamba. Kanamira mu udzu.

Resi anakayang'ana pang'ono. Kenako anatembenukira kuchitseko nadikira, manja ali kumbuyo.

"Tiyimbe, Resi," anatero Quirin.

"Tidikire wathu kaye."

Marlene anayang'ana mwamuna wake, ndipo Quirin anamva manyazi ndi chisoni zikumukwera limodzi.

"Udzu wachepa eti?" anafunsa Resi. "Ndinam'tsina Gundi kusukulu. Koma ndinachotsapo kamodzi, ababa. Ndinachotsa ndekha, inu simunandione."

Quirin anagwada mpaka maso awo analingana. Anafunafuna mawu ofewa, koma ofewawo ndi amene anawafikitsa pamenepa.

"Udzu wakwana, mwana wanga. Wakwana mpaka kutsala. Palibe chimene walakwa. Ndine amene ndinakuuza zosakhala bwino. Mlongo wako anamwalira. Sabwera."

"Ngakhale mawa?"

"Ngakhale mawa."

"Ali kuti?"

"Kumanda, kuseri kwa tchalitchi. Pafupi ndi agogo."

Resi sanalire. Anasuzumira pawindo, kumene chipale chofewa chinali chitakuta mpanda ndi msewu womwe, naganiza nthawi yaitali monga amachitira ana akamasenza chowapitirira msinkhu.

"Ndiye akugona pa chiyani?"

Anali Marlene amene anaimirira. Chiikire maliro, amene iye sanawaone chifukwa anali m'chipatala, phazi lake linali lisanapondeko kumandako. Anatenga chikhoti chake pamsomali, namanga mabatani mokhota.

"Tenga udzu wako, Resi," anatero.

Anatuluka atatu dzuwa lisanalowe. Kumanda kunali anthu ambiri, akuyatsira abale awo makandulo monga mwa tsikulo, ndipo onse anapatuka mwakachetechete. Resi anakana kuthandizidwa. Anagwada pa kamtumbira kaja, nasesa chipale ndi manja ake, nayamba kuyala udzuwo kamodzikamodzi, osasiya malo.