Kansomba wa Mzere Wakumbuyo

Kwaya ya kusukulu ndinalowa ndekha, popanda wondikakamiza. Kunyumba kunalibe wocheza naye. Amayi anamwalira ndili wamng'ono, ndipo bambo makutu awo anatha ndi makina ochekera matabwa kuntchito kwawo. Ukafuna kuwayankhula, umayamba wawagwira phewa kuti atembenuke, akuyang'ane pakamwa. Nkhani zathu zinali zazifupi: "Wadya?" "Ndadya." Basi, yatha. Wailesi inalipo, koma ndinkachita manyazi kumvera ndekha iwo ali duu pampando.

Ndiye Lachitatu lililonse, anzanga akamathamangira ku mpira, ine ndinkalowera kuchipinda cha nyimbo. Chinali kumapeto kwa khonde, chonunkha fumbi ndi choko, ndipo munali kiyibodi yakale yomata ndi selotepi. Aphunzitsi a nyimbo tinkawatcha a Pumani-Apa, poti mawu amenewo sankachoka pakamwa pawo.

Tsiku lina a Pumani-Apa anadula nyimbo pakati. Anayenda pang'onopang'ono m'mizere, khutu atatchera, ngati munthu wofufuza pamene denga likudontha. Anaima pa ine.

"Taimba wekha."

Ndinaimba. Mtsikana wina kutsogolo analephera kudzigwira, anaphulika nako kuseka.

"Mwanangu," anatero aphunzitsi motsitsa mawu, "mtima uli nawo, koma mawu ako amayenda njira yawoyawo. Sindikuchotsa ayi. Ndiwe wamtali, mzere wakumbuyo umaoneka bwino ukakhalapo. Koma uzingoyendetsa milomo, mawu asatuluke."

Zinandiwawa, ndisaname. Koma ndikanachoka, ndikanalowera kuti? Ndinatsala. Dzina silinachedwe, linabwera tsiku lomwelo: Kansomba, koyasamula kukamwa popanda chomveka.

Tsono ine ndine wamakani. Ndinati ngati ntchito yanga ndi milomo, ndiigwira kuposa wina aliyense. Ndinkaima pagalasi la kubafa n'kumaumba liwu lililonse mpaka nsagwada kuwawa. Akatswiri akutsogolowo ankameza theka la mawu, koma ndani akanawadzudzula? Ine kumbuyo kuja ndinkatsegula pakamwa bwinobwino, anzanga mbali zonse akuimba, ine ndili ndekhandekha pakati pa phokoso lonselo.

Litayandikira tsiku lotsekera sukulu, loti kwaya iimbire makolo, bambo anandipeza ndikusita malaya oyera.

"Nanga amenewa ndi a chiyani?"

Ndinawauza, ndikuyembekeza kuti angogwedeza mutu. Kusukulu sankapondako, ankaopa kuyankhulidwa ndi anthu n'kumayankha zosiyana.

"Ndibwera," anatero. "Ndikamuone mwana wanga akuimba."

Apa ndiye panali vuto. Munthu wodziwa kuwerenga milomo sumubisira kanthu. Mmodzi yekha angonena kuti Kansomba iwo akuyang'ana, zanga zada. Akanadziwa kuti mwana wawo mmodzi yekhayo amangodzazitsa mzere. Chimenecho sindinafune kuti achidziwe, ngakhale pang'ono.

Anabweradi, atavala jekete la ukwati wawo, utuchi udakali m'tsitsi. Anakhala kumapeto kwa benchi, pambali pawo pali malo oti n'kukhala anthu awiri. Bambo wina anawayankhula, iwo anangomwetulira, winayo n'kutembenukira kwina. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinadzimvera chisoni inenso.

A Pumani-Apa anakweza dzanja, tinayamba. Inali nyimbo yomwe anapeka okha, ya mbalame yosochera pofunafuna chisa chake. Makolo ena ankajambula ndi mafoni, ena akutonthoza makanda. Bambo sanayang'ane aphunzitsi, sanayang'ane kiyibodi. Maso awo anali pa ine kuyambira poyamba, khosi atasolola, nkhope ili gwa ngati akuyeza thabwa. Titamaliza anayamba kuwomba m'manja mochedwa, ataona manja a anzawo, ndipo anamalizanso mochedwa, okhaokha, ana ena mpaka kuseka.

Panja anzanga anazunguliridwa ndi amayi awo, azakhali awo, agogo awo. Ine ndinawakoka bambo dzanja kuti tizipita msanga. Pageti mtsikana woseka uja anakuwa: "Kansomba, lero ndiye waimba bwino bwanji!" Mwamwayi anali kumbuyo kwa bambo, ndiye sanamuone.

Tinayenda mpaka pakhonde pa telala wina. Pamenepo anandigwira phewa, monga momwe ine ndimawagwirira iwo.

"Anzakowa aphunzitsi sawaphunzitsa bwino, eti? Milomo yawo imangophwanyaphwanya, sindinatolepo kanthu. Koma iwe ndakumva liwu lililonse. M'chipinda chonse chija ndiwe wekha amene umaimba."

Kenako anandifunsa:

"Tsono mbalame ija inakafika kwawo? Kumapeto kuja mayi wina anandiimira kutsogolo ndi foni yake. Tandimalizira."

"Pano, bambo? Pamsewu?"

"Nanga pali vuto?"

Ndinaima patsogolo pawo, n'kuyamba ndi milomo yokha monga mwa chizolowezi. Kenako ndinadzifunsa kuti ndikubisira yani? Ndinatulutsa mawu, onse, okhota momwe alili. Telala anasiya kupalasa makina n'kusuzumira. Mnyamata wina wa panjinga anadutsa akuseka. Ine sindinasamale, ndinaimba mpaka mbalameyo itapeza chisa chake. Aka kanali koyamba kuimba mokweza chindiletsereni, ndipo wondimvera wanga anali munthu wosamva.

Bambo anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete.

"Mawu akowa ayenera kuti ndi okoma ngati a amayi ako," anatero. "Aphunzitsi amakuuza choncho, eti?"

Ankandiyang'ana pakamwa, kudikira yankho. Ndinaumba milomo bwinobwino, monga ndinazolowera.

"Eya, bambo."

Anagwedeza mutu mokhutira, tinapitiriza ulendo, iwo patsogolo, ine pambuyo.